Kodi Kolona Adafikadi kwa Kasisi?

Mukafuna kuutsa mkangano kwa Kasisi simusowa kutchula ndale kapena mpira. Ingofunsani pansi pa mtengo wa nimu, anthu akuthawa dzuwa la masana, kuti kodi kolona uja adafikadi kuno. Musanamalize funsolo gulu lagawikana kale. Ena amati adafika ndipo adatitengera anthu. Ena amalumbira kuti adathera pa Thabwa, atangomva kutentha kwa chigwa adabwerera kumtunda ku Blantyre. Palinso a pakati, amene amati adafikadi koma adatipeza titatanganidwa ndi malungo, njala ndi madzi osefukira, moti adasowa womulandira. Tonsefe tidakhalapo kumbali imodzi mwa zitatuzi, ndipo ambiri tidakhalapo mbali zonse, malinga ndi mwezi umene mudatifunsa.

A kutentha ndiwo amalankhula mokweza kuposa onse, ndipo mfundo yawo imakomadi m'khutu. Amati kachilombo kochokera kozizira ku Wuhan sikangapirire dzuwa la October kuno kuchigwa, limene limapitirira madigiri 40, mbuzi zomwe n'kukana kuchoka pamthunzi. Chovuta n'chakuti kachilombo komweko kadapha anthu miyandamiyanda ku India ndi ku Brazil, kumene dzuwa nakonso silisewera. Komabe tisawatsutse kotheratu, poti kachigawo ka choonadi ali nako. Ife timakhala panja. Timadyera panja, milandu timaweruzira pabwalo, nyengo yotentha timagona pakhonde, pamene kachilomboka kamafala msanga m'zipinda zotseka mazenera. Onjezani apo kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, pomwe matendawa ankagwetsa kwambiri okalamba ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Dzuwa lidatithandizadi, koma lidatero potitulutsa m'nyumba. Kachilombo kokhako silidakaotche ayi.

Anzawo a kutentha ndi aja amati kolona adali matenda a anthu okwera ndege. Awa umboni wawo amautenga pa 2 April 2020, tsiku limene boma lidalengeza odwala atatu oyamba ku Lilongwe, m'banja lokhudzana ndi ulendo wa ku India. "Mwaona," amatero, "ife ndege timangoiwonera m'mwamba." Amaiwala kuti mmodzi mwa atatuwo adali wantchito wa m'nyumba, munthu ngati ife tomwe, amene kumudzi kwake amapita pa minibasi. Ndipo ofufuza atayeza magazi a anthu opereka magazi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu adapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka adali atakumana nako kale kachilomboka, ambiri osadziwa n'komwe. Tsono minibasi zotsika phiri tsiku ndi tsiku kuchokera ku Blantyre kudzatsitsa anthu pa Dyeratu ndi paboma, tinganene kuti zinkanyamula matumba a kabichi okhaokha? Chimfine chija chidatigoneka sabata yathunthu, nsima osaimva kukoma, utsi osaumva fungo, ife n'kumati ndi malungo amakani, mwina chidali ndi dzina lina.

Za m'bindikiro ndiye pamakhala phokoso lenileni. Pa 20 March 2020 pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, sukulu zidatsekedwa kuyambira pa 23, misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Apo tidangong'ung'udza. Koma atalengeza kuti kuyambira pa 18 April aliyense akhale pakhomo masiku 21, dziko lidawira. Mavenda m'mizinda adayenda m'misewu kunena kuti bola kolona kusiyana ndi njala, ndipo pa 17 April khoti lalikulu ku Lilongwe lidapereka chiletso chimene bungwe la HRDC lidapempha, m'bindikiro n'kuthera papepala. Mpaka lero ena amati khoti lidatipulumutsa, ena amati lidaika miyoyo pachiswe chifukwa cha ndale za chisankho. Ifeyo tikayeza timaona kuti boma lidaopa zoona, pakuti zipatala zathu sizikadatha kulandira odwala ochuluka nthawi imodzi. Kungoti lamulolo lidali ngati malaya osokera munthu wa m'tauni wolandira malipiro pakutha pa mwezi, ife kuvala lidatithina m'khwapa. Munthu amene chakudya chake cha madzulo chili kudimba m'mbali mwa Shire, kapena m'thumba la wokwera kabaza wa m'mawa, mungamuuze bwanji kuti akhale pansi masabata atatu? Thonje nalo lidali m'munda kudikira otola.

Kenaka padabwera K35,000. Boma lidati lizipereka ndalamayi mwezi ndi mwezi kwa mabanja ovutika ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kuno nkhani idafika itanenepa kale, akuti aliyense wokhala ndi chitupa cha unzika alandira, akuti maina alembedwa kale kwa a mfumu, akuti ndalama zili m'njira, zangotsekeredwa paboma. Zoona zake zidali zakuti ife a kumudzi sitidali m'ndondomekoyo, kupatula aja adali kale pa Mtukula Pakhomo. Apa a kutentha adapeza mpata: "Ngati ndalama ya kolona sidatsike phiri, ndiye kuti kolonayonso sadatsike." Mfundo yopindika, koma ndani sadaseke?

Chimene palibe mbali imatha kuchifotokoza bwino ndi mwezi wa June chaka chomwecho. Ana ali pakhomo chifukwa m'kalasi akapatsirana matenda, kutchalitchi ndi kumzikiti akuwerenga mitu pakhomo, koma pamisonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 June anthu adadzazana mpaka kukwera m'mitengo, kuvina mapewa atagundana, zipani zonse chimodzimodzi. Amene ankakayika kale adakayikiratu. Ankafunsa kuti kachilombo kanzeru kotani kamene kamadziwa kusiyanitsa bwalo la msonkhano ndi bwalo la sukulu? Funso limenelo lidali labwino, ndipo palibe mtsogoleri adaliyankha mogwira mtima. Odwala adachuluka mu July, boma latsopano la Lazarus Chakwera lidachepetsa mwambo wa pa 6 July, koma chikhulupiriro chidali chitang'ambika kale. Sukulu nazo zidakhala zotseka mpaka September ndi October, ndipo kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga mimba m'dziko muno, maukwati a ana n'kufika pafupifupi 13,000. Pamenepa sipakhala kuseka. Mudzi uliwonse ukudziwa mtsikana amene yunifolomu yake idatsala pachingwe, ndipo ukudziwanso mphunzitsi kapena amayi a gulu loona za atsikana amene adayenda khomo ndi khomo kuchonderera makolo kuti mwanayo akachira abwerere m'kalasi. Ena adabwereradi.

Nkhani ya a ku Joni ndiyo imatichititsa manyazi pang'ono tikaikumbuka. Masiku onse munthu wobwera ku Johannesburg timamulandira ndi nthungululu, ana kulimbirana zikwama. Mu May 2020, ntchito zitaima ku South Africa, abale athu adabwera m'mabasi kudzera pa Mwanza, ambiri manja ali lende. Boma lidawasunga pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kudikira zotsatira, ndipo kumapeto kwa mweziwo oposa 400 adatuluka osatsanzika, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Ena amati anthuwo adachita mwano, adatibweretsera imfa m'midzi. Ena amati munthu woyenda masiku angapo m'basi simungamugoneke pabwalo la mpira nyengo yozizira n'kuyembekeza kuti akhazikika. Zonse ziwiri n'zomveka. Chimene tidaona ife n'chakuti mantha adatilowa, ndipo padali makomo ena amene anthu adasiya kukapalako moto. Koma padalinso amayi amene adasesa gowelo, kuyala mphasa, n'kuuza mwana wawo kuti, "Ukhale umu masabata awiri, mwanangu, nsima uziipeza pakhomo." Ndipo ankaipezadi, yophimba bwino, nthawi zina yochokera kwa anansi amene sadafune n'kutchulidwa komwe. Ankaika mbale, kugogoda, n'kuima patali kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Azaumoyo pa wailesi ankatcha zimenezi kudzipatula. Amayiwo sadadikire wailesi.

Za mankhwala aliyense adasanduka sing'anga. Mandimu adakwera mtengo, jinja ndi adyo zidasowa pamsika, ndipo mtengo wa nimu, umene kuno uli pakhomo lililonse, udathyoledwa masamba mpaka kuuchitira chifundo. Ofukiza ankafunda bulangete pamwamba pa mphika wowira, m'chigwa chino chimene munthu umatuluka thukuta utangokhala. Ena adamva pa foni kuti ku Madagascar pulezidenti wapeza chakumwa chochiritsa, ena adagwira nkhani ya ku Tanzania, kumene John Magufuli adati papaya ndi mbuzi zapezeka ndi kolona atazipimitsa mobisa, n'kumati basi makina onse ndi abodza. Amuna ena adaweruza kuti ngati mowa wa m'botolo laling'ono umapha kachilombo m'manja, kachasu akapha bwino kwambiri m'mimba, ndipo chiphunzitso chimenechi chidapeza ophunzira ambiri. Tinene chilungamo: mandimu ndi jinja zimafewetsa kukhosi ndipo sizidaphe munthu. Zidavuta pamene wodwala wobanika adasungidwa pansi pa bulangete masiku atatu, abale akuopa kuti kuchipatala akamubaya jekeseni womaliza. Mphekesera imeneyo ndiyo idali yoipa pa zonse, chifukwa idanamizira anamwino amene panthawiyo ankagwira ntchito zodzitetezera zili zoperewera, kunyumba eni nyumba za lendi ndi okwera nawo minibasi akuwasala.

Masiki adatisangalatsa tonse. Mu August 2020 boma lidalamula kuti aliyense azivala pagulu, wolephera alipire K10,000, ndalama yoposa imene ambiri tinkaigwira pa sabata panthawiyo. Tsono masiki adaphunzira kukhala pachibwano, kukwera kumphuno minibasi ikayandikira apolisi a pa Thabwa, n'kutsikanso ikangodutsa. Akuti pakhomo la banki kapena la ofesi masiki imodzi inkalowetsa anthu asanu mosinthana. Kaya adali asanu kaya awiri, tonse tikudziwa kuti zidachitika. Koma tikumbukenso atelala a pakhonde, amene adadula zidutswa za zitenje kusoka masiki, kugulitsa motchipa, agogo ndi ana a sukulu n'kuwapatsa ulere. Tikumbuke anyamata amene adamanga mpondagiya pasukulu ndi pachigayo, kagaloni ndi chingwe ndi kamtengo, kuti munthu asambe m'manja osagwira kanthu. Madziwo adali otunga amayi pamjigo, mijigo ina kuno yotulutsa madzi amchere, sopo n'kukhala wosonkherana. Za moni ndiye akuluakulu adapambana mlandu. Achinyamata akugundanitsa zigongono ndi mapazi, iwo adati makolo athu ankaomba m'manja chapatali pofika kwa mfumu, bwererani kumeneko. Ndipo moni wa m'manja woomba udakhala bwino kuposa wa chigongono, umene sudazolowereke mpaka udatha.

Mkangano udazizira tsiku limodzi lokha, pa 12 January 2021. Tsiku limenelo nduna ziwiri zidamwalira ndi kolona, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia. A Mia adali munthu wa kuno kuchigwa, adakhalapo phungu wa Chikwawa Nkombezi, ndipo kuyambira ku Ngabu mpaka ku Nsanje palibe amene sadamvepo dzina lawo kapena la ng'ombe zawo. A kutentha adakhala chete. A ndege adayesa kunena kuti mwaona, ndi matenda a olemera, koma mawu adatuluka ofooka, pakuti aliyense adadzifunsa mumtima kuti ngati munthu wokhoza kulipira chipatala chilichonse wapita, nanga ine? Pulezidenti Chakwera adalengezanso kuti dziko lili pangozi, ndipo patapita masiku ochepa adalamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, ndipo kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa pasapezeke woyendayenda. Mwezi umenewo masiki adakhala pamphuno popanda wapolisi.

M'mwezi womwewo mudachitika zinthu ziwiri zimene anthu kuno amaziika pambali ndi pambali akamakamba za boma. M'zipatala zikuluzikulu mpweya wa okosijeni udaperewera. Wodwala wina ku Kamuzu Central Hospital adalemba pa Facebook ali pabedi kupempha kachipangizo kolumikizira silinda ya mpweya, ndipo adamwalira. Amalawi wamba, a kuno ndi a kunja, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake, adayamba kusonkha ndalama, wina zochepa za pa foni wina zambiri, kugula masilinda ndi zipangizo, n'kumalengeza poyera ndalama iliyonse yalowa ndi imene yatuluka. Nthawi yomweyo kudamveka za K6.2 biliyoni ya kolona imene boma lidatulutsa. Owerengera ndalama za boma atafufuza adapeza kuti yambiri idathera m'ma alawansi, m'misonkhano ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo. Akuluakulu angapo adaimitsidwa ntchito, ena adamangidwa, ndipo mu April nduna ya zantchito idachotsedwa. Apa pamatuluka gulu lina lolimba kwambiri, limene limati kolona adali bizinesi basi, adamukokomeza kuti adyerepo. Gululi timalimvetsa ndipo mkwiyo wake ndi wathu tonse. Koma likulakwitsa pamodzi. Ndalama idadyedwadi, matendanso adalipodi, ndipo n'chifukwa chake kudyako kumapweteka chotere. Akadaba pa matenda abodza akadangokhala akuba. Adaba anthu akubanika.

Maliro ndiwo adatiyesa koposa. Kuno munthu saikidwa ndi anthu 50 owerengeka monga lamulo lidafunira. Timagona pasiwa, amayi amasambitsa mnzawo, adzukulu amakumba, mudzi wonse umadya pamodzi. Tsono kumva kuti thupi libwera lokulungidwa, osaliona nkhope, oika n'kukhala azaumoyo ovala zoyera thupi lonse, anthu ambiri adakana mumtima. Ena ankati m'bokosimo mulibe munthu, ena ankati achotsa ziwalo. M'madera ena a dziko lino azaumoyo adathamangitsidwa pamanda. Mabodzawo adali mabodza, koma chisoni chimene chidawabala chidali chenicheni, ndipo boma lidachedwa kuzindikira kuti lamulo la maliro silingayende popanda mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Pamene a mfumu adakhala pansi ndi azaumoyo n'kugwirizana kuti abale aime apa, pemphero lichitike, nyimbo iimbidwe chapatali, zinthu zidayenda mwaulemu. Ndipo chipepeso sichidaleke. Amene sadaloledwe kufika adatumiza ufa, nkhuni, nkhuku, ena kandalama ka pa foni. A banki m'khonde ambiri adamulekerera wamasiye miyezi ingapo osamukakamiza kubweza. Wakabaza amene adanyamula wodwala usiku kupita naye kuchipatala cha paboma, akudziwa kuti akhoza kutengera, akudziwanso kuti ola laletsedwa, sadalembedwe m'lipoti lililonse. Timangomudziwa ife.

Katemera atafika mkangano udadzukanso ndi mphamvu zatsopano. Pa 5 March 2021 ndege idatsitsa katemera 360,000 wa AstraZeneca, ndipo pa 11 March pulezidenti adabayitsa poyera ku Zomba. Kuno ena adati iye amubaya madzi. Ena adati ndi chizindikiro cha 666, ena adati amuna afooka ndipo akazi sadzabereka, ena adalumbira kuti wobayitsa aliyense amwalira pakatha zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zidakwana, zina n'kuwonjezerapo, obayitsa akulimabe mapira ndipo ena abereka mapasa, koma alosi aja sadabwere kudzapepesa, akuti tsiku lidangosunthidwa. Pa 19 May boma lidaotcha poyera ku Lilongwe katemera 19,610 amene adapitirira nthawi yake, kuti anthu akhulupirire kuti sadzabayidwa wakutha ntchito. Okayika adati mwaona, akuotcha umboni. Chodabwitsa n'chakuti mu June katemera atatha m'dziko, matenda akukweranso, anthu omwe aja adayamba kufunsa kuti abwera liti, bwanji akutimana. Atabwera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi, ambiri adamukonda poti ulendo wa kuchipatala udali umodzi. Koma amene adatembenuza mitima kwenikweni adali alangizi a zaumoyo a m'midzi, aja amapalasa njinga ndi bokosi lozizira kumbuyo, omwe aja amayeza ana athu kusikelo. Munthu amene adabaya mwana wako katemera wa chikuku mwanayo n'kukula bwino, akakuuza kuti nayenso wabayitsa n'kukuonetsa phewa, umamumvera kusiyana ndi nduna ya pa wailesi.

Chiwerengero cha boma chimati kolona adapha anthu oposa 2,600 m'Malawi. Ena kuno amati nambalayo adaikweza kuti thandizo lakunja libwere, ena amati ndi yochepa kwambiri poti okalamba ambiri adafera m'midzi osayezedwa. Achiwiriwa ndiwo ali pafupi ndi nzeru, chifukwa kumudzi munthu akamwalira ndi chifuwa timati wamwalira ndi chifuwa. Koma sitidapatsidwe nthawi yomaliza mlanduwo. Mu January 2022 namondwe Ana adagwetsa mvula imene idagumula damu la Kapichira pafupi pathu pompa, magetsi adazima dziko lonse, msewu udaduka, anthu adadzazana m'makalasi ndi m'matenti mmene mawu oti khalani motalikirana sakadamveka n'komwe. Chaka chomwecho kolera adayamba, ndipo pofika 2023 adali atapha anthu oposa 1,700.

Ndiye padabuka nkhani ya ndowa. Zija za mpopi zimene mabungwe ndi boma adagawa m'sukulu, m'misika ndi m'matchalitchi nthawi ya kolona zidali zitasowa pakhomo, ndipo anthu ankalozana zala. Akuti zina zidasanduka zosungira thobwa paukwati, zina zidalowa kukhitchini kwa a komiti, zina zikuthirira tomato kudimba. Kolera atafika, ndowa zambiri zidatulukanso, zina zikununkhirabe chimera, n'kuimikidwa pakhomo la tchalitchi ndi kasopo pambali. Lero a komiti amati adazisunga dala podziwa kuti tsiku lina zidzafunika, ndipo amafuna kuthokozedwa. Otsutsa amati adazibweza chifukwa a mfumu adaopseza chindapusa cha nkhuku. Amayi amene amatunga madzi othira m'ndowazo m'mawa uliwonse amati onsewo akangane bwino, koma wina agule sopo, wathuyu watha.